Mapazi a Makina Ochapira

Makina ochapira zovala a kwa Mayi Mhango anayamba misala Lolemba. Akafika pofinya madzi ankagunda khoma, gu! gu! gu! n'kuyamba kuyenda okha ngati chidakwa, mpaka payipi kutsala pang'ono kuzuka. Mlandu ukanagwera yani? Glory, wantchito wa m'nyumbamo. Nanga pakhomo pa bwana chinthu chimawonongeka chokha?

"Zaka khumi ndi ziwiri makinawa sanadwalepo," anatero Mayi Mhango Lachinayi m'mawa, makiyi a galimoto ali m'manja. "Wabwera iwe, ayamba kuvina. Mmisiri akanena kuti ndiwe, ulongedze. Ndibwera pa nkhomaliro."

Kulongedza! Ntchito ikatha, ndiye kuti kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ku Kaning'ina kuno, kapitanso. Nanga mwana wake Pilirani, amene watsala ndi miyezi iwiri kuti alembe mayeso a Sitandade 8, akamuika kuti? Abwerere naye kumudzi ku Nkhata Bay sukulu ili pakati? Glory anachita mantha, mantha enieni.

Mmisiri anafika cha m'ma naini pa njinga yamoto, nsapato zili matope okhaokha. Anali a Shadrick, bambo wa ku Zomba wosachulutsa gaga m'diwa. Anayatsa makinawo opanda kanthu, natchera khutu pambali pake.

"Mumadzaza kwambiri? Mabulangete awiri nthawi imodzi?"

Glory anakana. "Yayi, dada. Limodzilimodzi basi."

Mmisiri anazula pulagi, napukusa mgolo wa m'kati ndi dzanja. Unazungulira bwinobwino, osakukuta.

"Mabeyaring'i ali bwino."

Anamasula chitsulo chakumbuyo, nakoka lamba. Ali bwino. Masipuling'i opachikira mgolo, ali bwino. Chimwala cha simenti cholemeretsa makina, mabawuti ake othina ndithu. Munthu wina akanasangalala, koma Glory thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunkawaza kamvula kozizira ka Mzuzu. Ngati palibe chimene chatha chokha ndi ukalamba, ndiye kuti wolakwa ndi iye basi.

Kenaka a Shadrick anakankha ngodya ya makina ndi zala ziwiri zokha. Chimakina chonsecho chinatsetsereka, n'kugwedera.

"Aa! Tagwirani uku, tipendeketse."

Pansi pake panali timapazi tinayi ta labala. Titatu tinali titafewa ngati phala, kachinayi kanali katatheratu, kwangotsala chitsulo. Mmisiri anakanda ndi chikhadabo, nanunkhiza.

"Palafini uyu. Pansi pano mumapaka chiyani?"

Glory anazindikira pomwepo kumene palafiniyo anachokera. Polishi wa m'nyumbamo ankapanga yekha monga anamuphunzitsira mayi ake: kusungunula zotsalira za makandulo, kuthiramo palafini ndi kaufa kofiira. Ameneyo ndiye amawala, osati wa m'sitolo. Ndipo Loweruka lililonse ankakoka makinawo n'kupaka mpaka pansi pake, pamene antchito akale sankafikapo n'komwe. Ankati abwana aone kuti apeza munthu.

"Palafini amadya labala, mayi," anatero a Shadrick. "Ndiye pansi poterera chonchi makina agwira chiyani? Polishi aliyense, ngakhale wa m'sitolo, asafike pano."

Glory anangogwada pa simenti pomwepo, misozi ili chuchuchu.

"Chonde, dada, chonde chomene. Mukanena, andichotsa lero lomwe. Mwana wanga alemba mayeso. Ndilibe kolowera ine."

"Dzukani, ine si m'busa." Anakanda m'mutu. "Mapazi a makina akale ngati awa m'tauni muno simuwapeza msanga. Abwana anu abwera nthawi yanji?"

"Thwelofu."

Bamboyo anamwaza maso m'chipindamo, mpaka anafika pa mapazi a Glory.

"Vulani patapatayo."

Anavula msangamsanga. A Shadrick anasema timagawo tinayi pa patapatayo ndi mpeni, natimata pa zitsulo za mapazi aja, uku Glory akukwecha simenti ndi madzi otentha ndi sopo mpaka polishi yense anachoka, zala zake n'kusupuka. Anabwezera makina pamalo pake. Mmisiri anapotokola phazi lililonse ndi sipanala, akugwedeza, kupotokolanso, mpaka makina anakhazikika nji! Anaponyamo matawulo, nayatsa. Pofika pofinya, Glory anatseka maso akupemphera. Makina anangolira mofatsa, osasuntha ngakhale pang'ono.

Galimoto inalowa pageti.

"Chinali chiyani?" anafunsa Mayi Mhango ali pakhomo.

"Mapazi anatha, mayi. Labala sakhala muyaya."

Bodza sananame, koma sananene zonse. Anatola zida zake, nalawira, njinga n'kulira kumka. Glory mtima unayamba kutsika pang'onopang'ono.

Mayi Mhango anayang'ana makina, kenaka anayang'ana pansi. Nkhope inasintha.

"Ichi n'chiyani? Simenti yatuwa mbuu ngati m'khola la nkhuku! Mmisiri wabwera, ndiye ukhondo watha? Chinthu chimodzi chokha chimene ndimakusungira pano ndi polishi wako uja. Pofika madzulo ndipeze pakuwala, mpaka pansi pa makinawo. Wamva?"

Glory anatsegula pakamwa. Akakana, afunsidwa chifukwa, ndipo chifukwacho n'chomwe chimuchotse ntchito lero. Akavomera, makina adzavinanso, mwina mayeso asanafike. Anaima pa simenti yozizirayo wopanda nsapato, akuwerenga masabata a Pilirani mumtima.

"Yewo, mama," anavomera, napita kukatenga chitini cha polishi.