Khoma la Tchalitchi cha pa Mpatsa

Mwezi wa Okutobala fumbi la pa Mpatsa silikhala pansi. Limadzuka ndi mbuzi, limatsata njinga, limakwera mpaka pa mtanda wa tchalitchi chakale, kenako nkumatsika pang'onopang'ono ngati likusankha pogona. Tchalitchicho chili pamtunda, njerwa zake psuu, malata ake adzimbiri, mazenera ake aatali ngati anthu oimirira m'pemphero. Kuchokera pansi kulekeza m'chiuno mwa munthu, khoma lonse linavala simenti.

Ndaziona anakulira mumthunzi wa khomalo. Anasewererapo fulaye, analowezerapo katekisimu, anabisalapo mvula. Tsopano anali m'chaka chachitatu ku koleji ya mumzinda, akuphunzira digiri ya kasamalidwe ka nyumba zakale. Apamudzi sankaimvetsa. Ana a eni ake unamwino, ana a eni ake uphunzitsi, iye mabwinja! Amene sankaseka anali bambo ake okha, a Chagunda, mmisiri womanga.

"Mwana wa mmisiri sangathawe njerwa," ankatero.

Kukolejiko anawaphunzitsa kuyang'ana nyumba monga sing'anga ayang'anira wodwala. Kuyeza ming'alu. Kununkhiza chinyezi. Kugogoda khoma nkumvetsera. Ndipo tsiku lina mphunzitsi wawo ananena mawu amene anamukhala Ndaziona pamtima ngati mwala: njerwa zakale, zomangidwa ndi dothi ndi laimu, zimapuma. Zimamwa madzi nthawi ya dzinja, nkuwatulutsa dzuwa likawala. Ukazimata simenti wazitseka pakamwa. Madzi amasowa potulukira, amakwera m'kati mwa khoma, ndipo njerwa zimaola kunja kukuoneka bwinobwino.

Anzake analemba m'makope. Iye cholembera chinangouma m'manja. Simenti ya pa Mpatsa anamata ndi bambo ake, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, milungu itatu yathunthu, mwa kufuna kwawo, monga chopereka chawo kwa Mulungu. Mlendo aliyense wofika pakhomo ankapita naye kukamuonetsa.

Atauzidwa kuti aliyense asankhe nyumba yakale yoti akaifufuze patchuthi, akanatha kusankha ina. Anasankha yakwawo.

Masiku anayi analizungulira khomalo yekha. Anagogoda ndi chigwiriro cha hamala. Pamwamba, pa njerwa zosamata, linkayankha kuti gwa, gwa. Pansi linkalira ngati ng'oma. M'kati mwa tchalitchi, kuseri kwa mabenchi, chinyezi chinali chitakwera bii mpaka pa zenera, ndipo mng'alu wolowa chala unkatsika kuchokera pa mtanda wa denga. Kumadzulo mitambo inali itayamba kale kusonkhana masana aliwonse, nkubalalika, nkusonkhananso. Khoma la kumpoto, la mng'alulo, likanapirira dzinja limodzi, mwina awiri. Pansi pake ndi pamene pamakhala amayi a kwaya.

Kulemba lipoti kunali kosavuta. Koma mwana amawauza bwanji bambo ake kuti chopereka chawo ndicho chikudya nyumba ya Mulungu? Anakonza mawu potunga madzi, anawakonzanso posesa pabwalo, onse ankasungunuka akangoona manja awo, manja ong'ambika ndi simenti amene anamulera.

Tsiku lachisanu m'mawa anawapempha kuti amuperekeze. Atafika pakhomalo sananene za m'buku. Anagwada pang'ono, nkuwapatsa hamala ndi manja awiri.

"Ababa, tagogodani apa. Ine khutu langa likadali la kusukulu."

A Chagunda anagogoda. Anasuntha phazi limodzi, nkugogodanso. Anapita mpaka pangodya, akugogoda, akumvetsera, mutu atapendeketsa. Mmisiri amene wamanga zaka makumi atatu safuna womasulira. Atabwerera analowetsa tchizulo pa mng'alu wa simenti, nkukanula. Chibenthu chachikulu ngati lichero chinagwa kuti phu! Kuseri kwake kunalibenso njerwa. Kunali dothi lonyowa, lofiira, lonunkha ngati dambo, mwezi wopanda dontho la mvula.

Anatapa dothilo, nkulifinya m'dzanja. Njiwa inkalira pa denga.

"Ine ndinkati ndikuliveka," anatero potsiriza.

"Munaliveka ndithu, ababa. Kungoti limafuna kupuma."

Anamufotokozera zonse tsopano, mawu akutuluka okha: za madzi, za laimu, za kuchotsa simenti pang'onopang'ono kuti khoma lisadzidzimuke, za kuchirikiza denga ndi mitengo asanakhudze njerwa ngakhale imodzi. Bambowo ankangoyang'ana pansi. Ndaziona anayembekezera mkwiyo, kapena choipa kuposa mkwiyo, kuti angotembenuka nkumapita.

"Agogo anga ankathira laimu m'dzenje la madzi," anatero iwo, ngati akulankhula ndi khomalo. "Ankamusiya milungu, mpaka afewe ngati chambiko. Ife tinkawaseka. Tinkati ndi zachikale."

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, a Chagunda anaimirira okha pamaso pa mpingo. Sanazungulire. Anati ntchito imene anagwira ija yawononga khoma, wawaonetsa ndi mwana wawo, ndipo amayi a kwaya ayambe akhala mbali ina. Ena anang'ung'udza. Ena anacheukira Ndaziona, ngati akumuona koyamba.

Mvula yoyamba inawapeza atachirikiza denga, atakanula theka la khoma la kumpoto. Inagwa masana, yamadontho akuluakulu, fungo la nthaka nkudzaza paliponse. Anabisala pakhonde awiriwo, manja ali mbee ndi laimu, akuyang'ana njerwa zamaliseche zikumwa madzi poyera. Itakata, a Chagunda anatenga fosholo, nkukaima pa mulu wa mchenga. Anadikira. Ndaziona anadabwa kuti akudikira chiyani.

"Nanga tithire mchenga wochuluka bwanji?" anafunsa. "Nenani, amisiri. Ine ndikumva kwa inu."