Wogula Amabwerera

"Zikwi zitatu? Aaa, bwana, mukunena mwendo umodzi kapena yonse iwiri?" anafunsa a Fakiri uku akuseka.

Mlendoyo, a Tedson, sanaseke. Anatumidwa ndi timu ya kampani ina ya fodya ku Lilongwe kudzalemba Jamali, mphwawo wa a Fakiri, amene dzulo lake anachinya zigoli zitatu pa bwalo la pa Boma, alibe ndi nsapato zomwe. Kalata ya mgwirizano inali pa tebulo, pakhonde la a Sharifa, mayi ake a Jamali: zikwi zitatu zosainira, kuphatikizapo ntchito ya umesenjala pakampanipo.

Tsono a Fakiri anagulitsa usipa zaka makumi awiri, ndipo padoko ponse panalibe wowaposa pokambirana mtengo. Lamulo lawo linali limodzi: mtengo woyamba sulandiridwa. Wogula amanyoza, amanyamuka, amafika mpaka pa njinga yake, kenako amabwerera. Nthawi zonse amabwerera.

"Atsibweni," ananong'ona Jamali, cholembera chili kale m'manja, "ine zandikwanira."

"Khala chete iwe! Kwacha yagwa, sukumva pa wailesi? Mtengo wa shuga wa sabata yatha si wa lero. Zikwi khumi, bwana."

"Bambo, mtengowu anaika ndi a komiti," anayankha a Tedson. "Ine sindingaonjezere ngakhale tambala. Ndipo mayina a osewera tikupereka Lolemba m'mawa."

"Onse amatero," anatero a Fakiri, akutsinzinira mlongo wawo.

A Tedson anapinda kalata ija, n'kutsazika. Jamali anati awathamangire, koma atsibweni ake anamugwira malaya.

"Ukaonetsa njala mtengo umagwa. Ingowerenga mpaka khumi, uona."

Galimoto ya a Tedson inalira. Inakhota pa mzikiti. Fumbi linakwera, n'kuteranso. A Fakiri anangoti njo pakhondepo, akumwetulirabe, maso ali kumsewu, mpaka mano anawauma.

"Achimwene," anatero a Sharifa motsitsa mawu, "mwana wanga mwamuyesa usipa?"

M'mawa mwake mbiri inafika. Galimoto ija inakaima ku Mwadzama, a Tedson n'kulemba Maganizo, mnyamata amene Jamali ankangomudyetsa njomba mmene afunira. Maganizoyo anasaina asanamalize n'kuwerenga komwe.

Manyazi anawagwira a Fakiri, manyazi enieni otentha m'makutu. Padoko anthu sanawaseke pamaso, ayi. Ankangoti akawaona, "Madala, mwawerenga mpaka khumi, galimoto ija yabwerera?"

Lolemba a Fakiri anavala mkanjo wawo wa Lachisanu, nanyamula thumba la usipa wosankha, nakwera basi. Ku Lilongwe anafika masana, nawapeza a Tedson pa geti la kampani ija.

"Bwana, zikwi zitatu zija tavomera. Usipawu ndi basela."

"Mayina tapereka kale, bambo. Malo anali amodzi."

"Mutengeni ulere. Chonde, ulere! Wolakwa ndine, si mwanayo."

"Tiona chaka chamawa, ngati mwendowo udzakhala ulipobe," anatero a Tedson. Thumba lija analikana mwaulemu.

Atabwerera kumudzi, a Fakiri anakumana ndi Jamali panjira, akubweza sutikesi yomwe anabwereka kwa aneba. Mnyamatayo anaitula pansi, nawalandira thumba ndi manja awiri.

"Mwayendako bwanji, atsibweni?"

Sanafunse china. Kukanakhala bwino akanawatukwana. A Fakiri anasowa poyang'ana, nangoyang'ana zala za kumapazi kwa mphwawoyo.

Kutacha anayala usipa wawo pamsika monga mwa masiku onse. Patsogolo pawo panadutsa Jamali, nkhafi ili paphewa, akulowera ku ngalawa za anthu ena kukapempha malo. Posakhalitsa panafika mayi wina, natola kansomba kamodzi, nakanunkhiza, natchula theka la mtengo, phazi limodzi litaloza kale kumsewu.

A Fakiri anamudzazira mbale mpaka kusefukira.

"Ii, a Fakiri, inuyo?" anadabwa mayiyo. "Osakana n'komwe? Mwadwala?"

"Tengani, mayi," anatero osadzutsa mutu. "Tengani, musanyamuke."