Nyanja Inaphwa ku Beira

"Tayatsanso timve bodzalo," anatero a Baltazar, malume ake a Olinda, atakhala pa thumba la mbatata pakhonde.

Mphepo yachisanu inkatsika m'mapiri a Fonte Boa ikuluma makutu. Olinda anadina telefoni, mawu a mwamuna wake Silvano n'kutuluka, akuseka ngati mwana amene wapatsidwa nzimbe.

"Olinda, sungakhulupirire! Nyanja yaphwa! Ndikuyenda pakati penipeni pa nyanja, nsapato zili m'manja. Nyumba za Beira zatsala kutali, zachepa ngati zikwere za nkhunda. Ndikukutolera zigoba zoti uike pawindo. Chaka chamawa ndibwera nawe, tidzayende kuno awiri mpaka miyendo ikane."

Mawu anathera pomwepo. Kunatsala kaphokoso kena kapansipansi, ngati mafuta akuwira m'chiwaya cha kutali. Kenako zii.

Uthengawu unabwera nthawi yokumba mbatata zoyamba. Silvano anakwera kamyawo, lole ya katundu, kukagulitsa mbatata ku Beira. Chikwama chake chinabwerera, mwini wake ayi. Woyendetsa kamyawoyo anangoti munthuyo anatsanzika kuti akukaona nyanja podikira katundu wobwerera naye. Anamufunafuna, anakanena kupolisi, osapezeka.

"Wamva kumapetoko?" anatero a Baltazar. "Nsomba izo, zikukazingidwa. Munthu ali kukhitchini kwa mkazi wina, akukunamiza kuti ali pakati pa nyanja. Dambo lathuli limaphwa chifukwa ndi dambo. Koma nyanja yonyamula sitima iphwe ngati chithaphwi cha abakha?"

"Silvano sanama, a malume."

"Mwamuna ndi kabudula, mwanawe, amathera moyenda. Ankhoswe akumana mwezi ukaoneka, ukwatiwu tiumasule. Ali m'mimbamo tilera tokha."

Olinda anagwira mimba yake, imene inali itayamba kukankha kapulana, chitenje chake.

"Nanga akadzafunsa za bambo ake, ndidzati chiyani?"

"Udzati anatchona. Si woyamba."

Olinda anatenga telefoni n'kulowa m'nyumba. Madzulo ake anayenda wapansi mpaka ku Ulongwe, kwa mlamu wake Bernadete, mlongo wake wa Silvano, amene ankachita malonda a mbatata.

"Alamu, inu mumapita ku Beira. Nyanja imaphwa?"

"Ine nyanja ndimaionera pawindo la shapa, minibasi ija, ndi madzi okhaokha. Ndilibe nthawi yocheza ndi nsomba." Bernadete anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba. "Mawa kamyawo ikunyamuka. Tiyeni mukadzionere. Tikakamupeza kwa mkazi, makutu ndikamukoka ndine. Koma musakandiberekere pamwamba pa mbatata, mwanayo angadzatchedwe Kachewere."

Anatsika mapiri, anaoloka Zambezi, chisanu chinasanduka thukuta. Njira yonse Olinda ankangoona Silvano m'maganizo, atapinda buluku, akumuitana ndi dzanja. Anafika ku Beira m'mawa wa tsiku lina, msana utauma. Olinda anakana ngakhale tiyi.

"Kunyanja kaye, alamu."

"Nyanja siithawa, mayi inu."

Koma anapita naye.

Nyanja inali yodzaza. Inali yotuwa, yopanda tsidya, ndipo inkamenya khoma la m'mphepete mwa msewu ndi ukali woti malovu ake ankawagwera kumaso. Panalibe pamene munthu akanaponda. Olinda anaima kukamwa kuli yasa. Bernadete, amene pakamwa pake sipauma, anangokonza mpango wake.

"Mwina anaphonya kunena," anatero motsitsa mawu.

"Pitani kumsika, alamu, mbatata zingaole. Ine mundipeza konkuno."

Atatsala yekha anayamba kuyenda m'mbali mwa madziwo, osadziwa kumene akupita. Anadutsa asodzi akusoka maukonde. Anadutsa nyumba zazikulu zimene mchere unazidya mawindo. Anafika pa nsanja yaitali ya nyali, ndipo pafupi pake panali mafupa a sitima yakale, nthiti zake zadzimbiri zitatulukira mumchenga ngati ng'ombe yofera kudambo. Kumeneko kunali mitengo yonga paini imene inkalira mluzu ngakhale mphepo inali yochepa. Anakhala pansi pa umodzi. Anafuna kulira, koma tulo ta ulendo tinamuba.

Chimene chinamudzutsa ndi bata.

Anadzuka dzuwa lili paliwombo, n'kupukuta m'maso. Nyanja kunalibe. Pamene panali mafunde panali mchenga wonyowa, wosalala, wonyezimira, wopita mpaka kumene maso amalekezera. Mabwato anali atagona cham'mbali pouma. Kutali kwambiri, kumene thambo limakhudza pansi, kunali kamzere koyera ngati ulusi.

"Silvano," ananong'ona. "Sunaname."

Anaseka yekha, misozi ikutsika. Anavula nsapato.

Asanatsike anachita chimene mwana aliyense wa kumapiri amaphunzitsidwa asanaoloke mtsinje: anayang'ana kumwamba. Kwawo madzi akaphwa amabwera ndi mvula. Ukaona mtambo wakuda kumtunda, usaoloke. Olinda anayang'ana kum'mawa, anayang'ana kumadzulo. Thambo linali mbee, lopanda ngakhale kamtambo. Mtima unakhala pansi, ndipo anatsika.

Mchenga unali wozizira, wamizeremizere ngati munda wa tiana. Tinkhanu tinkathawira m'maenje. Anatsikira m'kakhwawa kouma, anakwera tsidya lake, n'kumapitabe. Anatola chigoba choyera, kenako china chofiirira mkati ngati khutu la khanda. Chilichonse chimene ankatola, china chokongola kuposa chinkamuitana patsogolo. Ankayenda ngati pali wina pambali pake, ndipo nthawi zina ankalankhula naye.

"Unadutsa pano? Ichi unachiona?"

Chakumanzere kunali amayi angapo atawerama, akukumba nkhono ndi timipeni. Patapita nthawi anaweramuka onse pamodzi, ngati wina wawaitana, anasenza mabeseni n'kuyamba kubwerera kumtunda ali mdipiti. Mmodzi anaima, anakweza dzanja, akukuwa mawu amene mphepo inawamwaza. Olinda anaganiza kuti ndi moni. Anakwezanso dzanja lake, n'kupitirira.

Atacheuka, nyumba za Beira zinali zitachepa ngati zikwere za nkhunda. Mbalame zimene zinkayenda pamchenga zinali zitachoka zonse. Mapazi ake, amene anawasiya m'mbuyo, anali atadzaza madzi, lililonse likuphethira padzuwa ngati diso.

Pamenepo anamva kaphokoso kaja. Mafuta akuwira m'chiwaya cha kutali.

Anaganiza kuti telefoni yayaka yokha. Anaimasula pa mfundo ya kapulana. Inali yozima. Kaphokosoko kanapitirira, ndipo kankachokera kutsogolo, kumanja, kumanzere. Anayang'anitsitsa. Kamzere koyera kaja sikanalinso kutali. Kanali thovu lopyapyala, likukwawa pamchenga mosapupuluma, likulowa m'timaenje ta nkhanu n'kumalira tsss. Linamunyambita zala zakumapazi, n'kudutsa.

Anayang'ananso kumwamba. Mbee.

Anatembenuka kuti abwerere. Kakhwawa kouma kaja kanali mtsinje. Ndipo madzi ake sankatsika monga amachitira madzi onse amene iye anawadziwa chibadwire. Ankakwera, kulowera kumtunda, mwakachetechete, ngati anthu opita kumaliro. Iye anali pa kachilumba kamchenga kamene kankachepa akuona.

Anathamangira kumtsinjeko kuti aoloke molunjika nsanja ya nyali. Phazi loyamba linalowa mpaka m'bondo, mchenga n'kuyamba kuthawa pansi pake.

"Imani! Osati pamenepo!"

Anali mayi uja anakweza dzanja. Beseni anali atalitaya, akubwera chothamanga m'madzi ofika m'akakolo, wamfupi, wamikono ngati ya mwamuna. Ankalankhula Chisena, koma mantha amamva chilankhulo chilichonse. Anamugwira Olinda padzanja mwamphamvu n'kumukoka cham'mbali, motsata msana wa mchenga, ngati akumutalikitsa ndi mtunda.

"Kumtunda ndi uko!" analira Olinda.

"Uko ndi kumanda. Pondani pamene ndaponda."

Anaolokera pamene mtsinjewo unatambasuka. Madzi anafika m'maondo, m'ntchafu, kenako anakhudza mimba. Mwana anagunda mkati. Madziwo ankakoka kapulana ngati dzanja la munthu amene sakufuna kuti uchoke. Olinda anatseka maso, akutchula Maria Woyera, zigoba atazifumbata pachifuwa.

"Tayani zimenezo, mugwire ine ndi manja awiri!"

Sanataye.

Atafika pouma anagwa chogwada. Mayiyo anaima akupuma mwabefu, manja ali m'chiuno.

"Ine ndine Conceição, ndipo nkhono zanga za lero zapita chifukwa cha inu. Ndikukuwirani, inu mukundipatsa moni! Ndinu a kuti?"

"Ku Angónia."

"Ndinadziwa. A kumapiri."

"Koma mayi, mvula sinagwe."

Conceição anamuyang'ana, ukali n'kumuthera.

"Iyi siidikira mvula, mwananga. Imapita, imabwera, usana ndi usiku, kuyambira kalekale. Ndipo pobwera siidzera kumaso. Imayamba yakutsekera kumbuyo."

Anakhala pansi onse awiri. Kutsogolo kwawo mabwato aja ankadzuka limodzilimodzi. Pamene Olinda anaima posachedwapa panali madzi otuwa, osalala, ngati sipanapondepo munthu chilengedwere.

Bernadete, atamufunafuna m'mbali mwa nyanja, anatulukira ndi mikate m'pepala.

"Alamu, mwasamba osandidikira? Kapena mwapezako mwamuna wa..." Anaona nkhope ya Olinda, mawu n'kumuthawa.

Olinda anapisa dzanja pachifuwa. Anayatsa telefoni, imene inapulumuka chifukwa anailowetsa pachifuwa pamodzi ndi zigoba. Silvano anaseka, anati nyanja yaphwa, analonjeza chaka chamawa. Kenako kaphokoso kaja. Conceição anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Zimitsani," anatero. "Ameneyo madzi anali atamuzungulira kale."

"Munamuona? Wamtali, wa mpata kumano?"

"Wanuyo sindinamuone, ndisaname. Koma ndaonapo ena. Amavula nsapato, amaseka, amayang'ana kumwamba. Ena timawakuwira n'kumva. Ena amakhala atapita kutali." Analoza kumene madzi ankathera. "Nyanja ikatenga pamenepo, kawirikawiri siibweza."

Bernadete anakhala pansi mwadzidzidzi, mikate n'kugwera mumchenga. Anayamba kulira mokweza, akutchula mlongo wake ndi dzina la paubwana. Olinda sanalire. Anang'amba nsonga ya kapulana, anapita pamene mafunde ankafika, anatapa mchenga wonyowa ndi manja awiri n'kumanga.

Tsiku la ankhoswe linafika kuli nkhungu, mapiri osaoneka. Anthu a mbali zonse ziwiri anakhala pabwalo la kwa Olinda atafunda mabulangete. A Baltazar anatsokomola kuti ayambe nkhani, koma Olinda anatuluka m'nyumba, anagwada patsogolo pawo, n'kumasula kansalu kaja. Mchenga unali usanaume.

"A malume, ukwati musamasule. Sanandithawe. Uzani adzukulu akumbe manda, tiike mchengawu. Mwanayu adzakhale ndi poloza."

"Mwanawe, nyanja..."

"Imaphwa, a malume. Ndayendapo ndi mapazi angawa. Ndinayang'ana kumwamba monga munandiphunzitsira, kunalibe mtambo. Nayenso anayang'ana."

Bernadete anagwedeza mutu, maso ali pansi. A Baltazar anatsina mchenga pang'ono, anaufikisa m'zala, anaulawa kunsonga kwa lilime. Kenako anakweza maso. Pawindo la nyumba, kumbuyo kwa Olinda, panali zigoba zitandandalikidwa, choyera ndi chofiirira.

"Tayatsanso timve," anatero, mawu atasasa.

Olinda anadina. Silvano anaseka pakati pa nkhungu, kutali ndi madzi alionse, ndipo palibe amene anatsokomola. Kaphokoso kaja katayamba, a Baltazar anavula chipewa.