Sefako Sadyedwa

Hatchi yotchedwa Sefako inathyoka mwendo pa mpikisano wachitatu wa liwiro, itatsala pang'ono kufika pamzere. Mwendo wakutsogolo unalowa mu una wa mbewa, fupa n'kulira ngati nkhuni youma. Khamu lonse la ku Semonkong linangoti zii m'mabulangete mwawo. Mmene mwini hatchiyo, Ntate Khoabane, ndiye kuti Bambo Khoabane, ankafika, n'kuti fupa litabowola chikopa, hatchi ikudzuka n'kugwa, kudzuka n'kugwa.

Mlamu wake Moeketsi, yemwe ankayenda ndi mfuti chifukwa cha akuba nkhosa, anangouyang'ana kamodzi mwendowo.

"Alamu, apa palibe chomanga. Mfuti ili m'galimoto. Chipolopolo chimodzi, ipume."

Khoabane anali ataona kale amuna akusendera chifupi, manja ali mkati mwa mabulangete, ndipo ankadziwa chimene manjawo agwira: mipeni. Kuno nyama ya hatchi sitayidwa. Mayi wina wopanda manyazi anali atakhuthula kale zitumbuwa zake kuti beseni lipeze ntchito ina.

"Ipume, kapena muidye?" anatero Khoabane. "Zaka zinayi hatchi yanu ikudya fumbi la Sefako. Lero mwati mudye mwini fumbi."

"Ine sindikunena za nyama."

"Nanga malovu mukumezawo ndi a chiyani? Afisi inu nonse. Sefako sadyedwa."

Anatulutsa foni n'kuimbira dokotala wa ziweto ku Maseru kuti abwere ndi jakisoni wogonetseratu, wophera hatchiyo. Tisanamizane, sichinali chifundo chokha ayi. Khoabane ankadziwa kuti nyama yolowa mankhwala amenewo ngakhale galu akaidya amafa. Ankafuna aone anthuwo akubwerera ndi mabeseni opanda kanthu.

"Ku Maseru si kuseri kwa khola," anatero Moeketsi. "Ndi maola atatu. Ululuwo akuumva ndinu kapena hatchiyi?"

"Mfuti yanuyo kaopsezeni nayo akuba nkhosa zanu zamphere zija. Mlongo wanu ndinamukwatira yekha, osati pamodzi ndi inu. Chokani pano."

Anthu anaseka. Moeketsi anakoka bulangete lake, n'kulunjika ku galimoto yake.

Ola linatha, lachiwiri linatha. Koma abale, hatchi imavutika moipa. Sefako inkamenyetsa mutu pansi mpaka diso linatupa. Inaluma dothi, thukuta likufuka nthunzi m'chisanu chonsecho. Khoabane anaifunditsa bulangete lake, iyo n'kuliponyera uko. Anagwada n'kuigwira khosi, akuiitana dzina monga ankachitira m'mawa uliwonse. Hatchiyo inamuluma dzanja. Zinamuwawa mumtima kuposa padzanjapo, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha ndi zimene wachita.

A mipeni aja sanachoke. Anasonkha moto chapatali, akusuta fodya, akumuyang'ana ngati akudikira basi.

Chipale chofewa chitayamba kugwa, foni inalira. Anali dokotala uja.

"Ntate, msewu watsekeka paphiri. Ndabwerera, ndifika mawa. Ikadali moyo?"

"Ili moyo."

"Chithyokereni masana aja? Mwatani kodi, bambo inu? Musaigoneke choncho, imeneyo ndi nkhanza. Palibe wamfuti kumeneko?"

Khoabane anayang'ana pamene panaima galimoto ya mlamu wake. Panangotsala zidindo za matayala m'matope. Anamuimbira foni, inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Kachitatu anapeza yazimitsidwa.

Sefako inayesanso kudzuka, n'kupondera mwendo wothyoka uja. Kulira kwake kunaimitsa ngakhale aja a pamoto.

Khoabane anadzuka. Anayenda mpaka pamotopo, pa anthu omwe anawatcha afisi, n'kuvula chipewa. Palibe anamulonjera.

"Mwa inu nonse," anatero, "mpeni wakuthwa kwambiri ndi wa ndani?"