M'nyumba ya Atcheya Simudyedwa Nyika

Madzi a mtsinje wa Ruo ataphwera chaka chimenecho, anasiya matope okhaokha m'minda. Mapira onse a m'mudzi wina kufupi ndi Chiromo anagona pansi n'kuwolera pomwepo. Koma inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mawu akuti njala sankatchulidwa pagulu. Munthu ukangowatchula, mawa lake unkaitanidwa kukafotokoza amene wakutuma.

Amayi a m'mudzimo sanadikire kuuzidwa chochita. M'mawa uliwonse ankakwera mabwato kupita kudambo kukazula nyika, mizu ija ya maluwa a m'madzi imene anthu a kuchigwa amadya zinthu zikathina. Pobwerako ankanyamulanso tinsomba ta makakana ndi milamba, n'kuthyola kholowa ndi masamba a sangowa, mtengo uja ena amati chammwamba, kwinaku akutola malambe ndi bwemba. Sizinali zakudya zoti n'kuitanira mlendo, koma ana awo ankadzuka n'kumathamanga.

Nyumba imodzi yokha ndi imene simunkalowa zimenezi, ya a Geresomo, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene aliyense ankangowatchula kuti atcheya. Mkazi wawo Otilia anali woyembekezera, ndipo anali atangomusiyitsa bere mwana wawo woyamba, Priska, wa chaka ndi theka, chifukwa akuluakulu ankati mkaka wa mayi wapakati umadwalitsa mwana. Tsiku limene Otilia anatenga dengu kuti atsatire anzake kudambo, a Geresomo anaima pakhomo.

"Nyika? M'nyumba muno?" anafunsa. "Dzulo lomweli ndaimirira pamsonkhano kuuza anthu kuti kuno kulibe njala. Ndiye lero mkazi wanga akaoneke ali m'matope mpaka m'khosi? Mukufuna mpando undichoke?"

"Chabwino, kudambo ndasiya," anatero Otilia. "Nanga sangowa ali kuseri kwa bafayu, bambo a Priska? Ndingathyoleko?"

"Masamba a mpanda amenewo? Asiyireni mbuzi. Mwana wanga adya za ulemu."

Za ulemuzo anakazitenga ku Bangula pa njinga: thumba la ufa woyera, shuga ndi masamba a tiyi. Kuyambira pamenepo Priska ankamwa phala loyera la shuga m'mawa, masana ndi madzulo, pakatipo tiyi. Nsomba zikapezeka zinkapita m'mbale ya a Geresomo ndi alendo awo a chipani, mwana n'kungomudonthezera msuzi poopa minga. Abakha ankaikira mazira pakhomo pomwepo, koma a Evelesi, mlongo wawo wa a Geresomo, anali atalamula kale kuti dzira limapatsa mwana khunyu.

Kunena zoona, a Geresomo sankadana naye mwana wawo. Ankamukonda zedi, ndipo n'zimene zimapweteka kwambiri pa nkhaniyi. Masaya a Priska atayamba kufufuma, ankamunyamula n'kumazungulira naye m'mudzi. "Taonani masaya awa! Si ana anu odya zam'tchire aja ayi!" Anthu ankaseka nawo, nanga akanatani? Munthu wogulitsa makadi a chipani sumamutsutsa pamaso.

Patapita miyezi iwiri mapazi anatupanso. Tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka, khungu la m'ntchafu linkasupuka, ndipo mwana uja analeka kusewera. Ankangokhala pamphasa n'kumabuula chapansipansi. Rosa, mnzake wa Otilia wa nyumba yoyandikana, ndiye anayamba kulankhula, koma monong'ona, ali pachitsime.

"Mayi a Priska, kunenepa si kumeneku. Pitani naye kusikelo. Wanga wachiwiri uja anayamba chomwechi, anamwino anangondiuza kuti ndizisinjira nsomba youma m'phala."

Mawuwa atafika kwa a Evelesi, anawomba m'manja. "Kusikelo kukatani? Ili ndi tsempho, alamu, ngakhale wakhungu angalione. Mwana akatupa chonchi ndiye kuti kholo lina layenda njira zokhota. Achimwene anga ndimawadziwa. Inuyo amene mumathira mchere m'ndiwo, tatiuzani bwino."

Otilia analira masiku awiri chifukwa cha manyazi ndi mkwiyo. Iye amene sankaloledwa n'kufika kudambo komwe, njira zokhotazo akanaziyenda nthawi yanji? Koma a Geresomo anasangalala nalo dzina la tsempho, chifukwa tsempho silichotsa munthu pampando. Anaitana sing'anga, amene anatema mphini m'mapazi otupa aja n'kusiya botolo la madzi owawa a mizu, akuti otsitsa madzi oipa m'thupi. Anatsikadi. Priska anatsegula m'mimba masiku atatu osalekeza, mpaka khosi linalephera kunyamula mutu.

M'mawa wa tsiku lachinayi a Geresomo atapita kumsika ndi makadi awo, Otilia anabereka mwana n'kuuyamba ulendo wapansi wa kuchipatala chaching'ono cha mishoni, mimba kutsogolo, mwana kumbuyo, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Sanatsanzike aliyense.

Namwino wa pamenepo, Mayi Josephine, anali munthu wachikulire wosadziwa kuzungulira polankhula. Anadina phazi la Priska ndi chala, ndipo atachotsa chalacho panatsala kadzenje kosabwerera. Anayang'ana mphini zija, zimene tsopano zinali zilonda, n'kupukusa mutu.

"Mwanayu amadya chiyani, mayi?"

"Amadya bwino, anamwino. Phala la ufa woyera, la shuga, katatu patsiku. Sanagonepo ndi njala."

"China?"

"Tiyi."

"China?"

Otilia anapukusa mutu.

"Mayi, mimba ya mwanayu imadzaza, koma thupi lake lakhala likusala kudya miyezi yonseyi," anatero Mayi Josephine. "Ufa woyera ndi shuga ndi nkhuni chabe, zimangopatsa mphamvu. Thupi la mwana limafunanso zomangira: nsomba, mazira, nandolo, khobwe, nsinjiro. Limafuna zoliteteza ku matenda: masamba obiriwira, malambe, bwemba, masau. Zikasowa zimenezi, thupi limadzaza madzi. Si mafuta awa, ndipo si tsempho. Inu simunalakwire mwamuna wanu."

Apa Otilia anagwira pakamwa, misozi n'kumangotsika.

"Kwanu kulibe sangowa?" anapitiriza namwinoyo.

"Alipo, kuseri kwa bafa."

"Abakha?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Mayi inu! Mankhwala a mwanayu munkawadutsa tsiku lililonse popita kukasamba. Masamba a sangowa mukawayanika pamthunzi n'kuwasinja, supuni imodzi m'phala. Nsomba youma mukaisinja n'kuisefa, minga ili kuti? Dzira lophika silinapatsepo mwana khunyu chiyambireni ine ntchito ino. Ngakhale nyika payokha siikwana, koma ana a anzanu akuidyera pamodzi ndi nsomba ndi masamba, n'chifukwa chake ali moyo. Ndipo mizu yotsegula m'mimba musadzayerekezenso kumwetsa mwana wofooka. Imeneyo ndiyo yamufikitsa apa."

"Achira, anamwino?"

"Tiyesetsa. Mukanabwera mwezi watha ndikanakuyankhani mosavuta."

Anawagoneka m'chipatala. Priska ankamwetsedwa mkaka wosungunula pang'onopang'ono ndi kasupuni, chifukwa thupi lofooka chotero silingalandire chakudya chambiri nthawi imodzi. Supuni zina ankameza, zina zinkabwerera.

A Geresomo anatulukira tsiku lachiwiri, atavala malaya awo a misonkhano, nkhope ili gwa. Anabwera kudzakalipa, koma ataona mwana wawo pabedi ukali unawathera. Anaima nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Kenaka anakokera namwino pambali.

"Anamwino, pakhadipo mwalemba chiyani?"

"Kusowa zakudya m'thupi."

"Aaa, ayi, zimenezo zisinthidwe. Mukudziwa kuti ndine ndani? Mapepala amenewa amapita kuboma. Akaona kuti mwana wa tcheyamani... Lembani malungo, chonde."

Mayi Josephine anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Bambo, mwana wanu akulimbana ndi mpweya uko, inu mukudandaula pepala? Ine ndimalemba zimene ndaona. Ngati mukufuna kuthandiza, pitani mukabweretse mazira ndi nsomba, adye mayi akewa. Muli mwana winatu m'mimbamo, ndipo nayenso akudya tiyi yemweyo."

Anapita, ndipo mawa lake anabweradi ndi mazira ndi milamba iwiri yowamba. Anazibisa m'thumba la ufa kuti anthu a m'njira asaone. Koma matenda otsegula m'mimba aja anali atamutha kale mwanayo, ndipo zilonda za mphini zinali zitayamba mafinya. Priska anamwalira tsiku lachisanu, dzuwa lili pamutu, mayi ake atamufukata.

Kunalibe galimoto yoti iwatengere kumudzi. Mayi Josephine anathandiza Otilia kukulunga mtembo m'nsalu n'kumubereketsa kumbuyo, monga momwe anabwerera. Atatuluka pachipata, a Geresomo ankakankha njinga pambali pake, maso ali psuu. Atayandikira mudzi, a Geresomo anakhosomola.

"Mayi a Priska, anthu akatifunsa, tikanena kuti chamutenga n'chiyani? Za tsempho zija ndawaletsa a Evelesi. Ndimati mwina tingonena kuti malungo."

Otilia anaima. Anakonza mfundo ya nsalu pachifuwa, n'kuwayang'ana m'maso amuna ake koyamba chichokereni kuchipatala.

"Nenani zimene mukufuna, atcheya, kulankhula pagulu ndi ntchito yanu. Ine wondifunsa ndimuuza zoona. Ndimuuza kuti mwana wanga wafa ndi njala, ndipo amene ndinkamudyetsa njalayo katatu patsiku ndine, ndi manja angawa, chifukwa ndinkaopa inu."

Anatembenuka n'kulowa m'mudzi yekha, akulira mokweza kuti aliyense amve. A Geresomo anatsala panjira atagwira njinga yawo.

Phunziro: Kukhuta si kudya bwino. Mwana amafunika zakudya zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda, ndipo zambiri mwa izo zili pakhomo, kudambo ndi kutchire kwathu komwe kuno. Palibe chakudya chochititsa manyazi ngati chikupulumutsa mwana. Mukaona mapazi akutupa kapena tsitsi likufiira, musafunefune wolakwa ndipo musamwetse mizu. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.