Maliro a Deliwe Ali Moyo

Deliwe anamva nyimbo ya maliro ali chigonere pamphasa, ndipo chomudabwitsa chinali chakuti oimbawo anali pakhonde pake penipeni. Dzuwa linali litakwera kale. Mwamuna wake, Zakeyu, anali atalawirira ku Boma ndi matumba a makala panjinga, atakhoma chitseko ndi loko, monga ankachitira akamumenya kuti anthu asaone ntchito ya manja ake. Ulendo uno anamuponda m'nthiti. Deliwe akati apume, m'chifuwa munkabaya, ndipo malovu ake anali ndi magazi.

Anakwawa mpaka pazenera n'kusuzumira. Pamsewu wafumbi wodutsa pakhomopo panali patayalidwa masamba aawisi uku ndi uku, chizindikiro chimene ngakhale mwana wa kuno kwa Nthache amachidziwa. Amayi anali atakhala pansi, miyendo ili tambalale. Abambo ankatsika panjinga, kuvula zipewa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa manachesi. Kwathu kuno munthu amatha kumva mkazi wa mnzake akukuwa chaka chonse n'kumati za m'banja salowerera, koma maliro sajomba, ngakhale alesi aja amene kumunda saonekako.

Woyambitsa nyimbo anali mayi Amelia, a nyumba yoyandikana nayo, amene anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mtsikana nthawi ya nkhondo. Ndiwo ankasambitsa mitembo ya akazi m'mudzimo. Ofunsa kuti watisiya ndani sankawayankha. Anangosendera pazenera n'kulankhula chapansipansi.

"Khala chete, mwana wanga. Ndinakumva ukukuwa dzulo. Ndasambitsapo akazi amene ankati anagwa pachitsime, ndipo matupi awo ndinawaona ndi maso angawa. Iwe sindikusambitsa ayi."

Apa Deliwe anazindikira kuti masambawo anayala ndi mayi Amelia. Kuyala masamba popanda mtembo ndi malaulo, mlandu wolipira mbuzi, koma mayiwa anabwerera pamalo pawo n'kukweza mawu ngati palibe chimene alakwa. Anthu ankangobwerabe. Anafika a kumpingo, ankhoswe ake amene ankangomuuza kuti banja ndi kupirira, ndi anyamata okumba manda, makasu ali paphewa. Deliwe sankadziwa kuti padziko pali anthu ochuluka chonchi oti n'kumulira. Anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, mantha ndi kuzizwa zitamugwira pamodzi.

Dzuwa lili paliwombo, Zakeyu anatulukira. Ataona masamba anatsika panjinga monga mwa mwambo. Kenako anaona kumene khamulo layang'ana, anaonanso loko wake ali chikhomere. Njinga inagwa yokha.

"Mayo ine!" anakuwa, manja ali kumutu. "Sindimafuna kumupha! Ndinangomuponda ngati masiku onse!"

Nyimbo inadukira pakati. Ankhoswe aja anazyolika.

"Mwadzimvera nokha," anatero mayi Amelia, akutambasula dzanja. "Bweretsani kiyi, bambo."

Chitseko chitatseguka, Deliwe anatuluka atagwirira khoma, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. Amayi ena anakuwa, wina anathawa n'kusiya patapata. Zakeyu anangoti kukamwa yasa.

"Ali moyo, musathawe," anatero mayi Amelia. "Mlandu wa masamba ndi wanga, ndikayankha ndekha. Koma tamuonani bwino mwanayu. Mukanamva mawa kuti wapita, mukanabwera ndi nkhuni ndi ufa, n'kumati Mulungu watenga. Anyamata inu, mphamvu zimene mumati mukumbire dzenje, munyamulireni nazo kuchipatala."

Makasu anaponyedwa pansi, wina anathamangira njinga yonyamula odwala. Abambo awiri a chitetezo cha m'mudzi anamukhazika Zakeyu pakati pawo, wina akuimbira foni apolisi. Mkulu wa mpingo, munthu wosasowa mawu, anangovula jekete lake n'kuliyala pogona wodwalayo.

Akumukweza Deliwe panjingayo, kumsewu kunamveka kulira kwa munthu mmodzi. Anali mayi ake a Deliwe. Uthenga wa maliro unawapeza kudimba, kutsidya kwa mtsinje, ndipo anathamanga opanda nsapato, matope ali m'miyendo. Mayi omwewa ankamubweza Deliwe kwa mwamuna wake nthawi zonse akathawira kwawo, ati angatichititse manyazi. Anafika akutchula dzina la mwana wawo monga atchulira akufa, ndipo mwanayo anayankha.

"Wawa, amayi."

Mayiwo anagwada m'fumbi. Anamugwira nkhope, mapewa, zala, ngati akuwerenga ziwalo za khanda longobadwa kumene. Kenako anadzuka n'kuyang'ana ankhoswe.

"Ndamulira kale njira yonseyi," anatero. "Kawiri sindingathe. Akatuluka m'chipatala akubwera kwathu."