Buluu wa pansi pa pulasitiki

Ndinali m'shopu yogulitsa ulusi pamene ndinamva mawu a mchimwene wanga kuseri kwa khoma, kumene amatsukirako magalimoto. Ankafotokozera anthu amene sanamufunse kuti pulasitiki yakuda imene anamatitsa pagalimoto yake imadzichiza yokha. Mwala ukaikanda, akuti, umangoiimika padzuwa, chipsera n'kutsekeka. Mvula siikhalapo, zitosi za mbalame zimangotsetsereka. Ndipo tsiku limene adzaimatule, penti wapansi adzatuluka ngati wapoperedwa dzulo.

Mayi wogulitsa ulusiyo anatchera khutu, kenako anandiyang'ana.

"Si achimwene anu amenewo? Anagula liti galimoto?"

Ndinawapempha zipi ziwiri zazitali.

Galimotoyo inali yanga. Malemu mwamuna wanga anali wopenta magalimoto. Anapopera penti zaka zambiri atangomanga kansanza kukamwa, mpaka mapapo anatopa. Galimoto yomaliza imene anapenta inali yathu yomwe, pabwalo kuseri kwa nyumba, atatchinga ndi nsalu zanga zoyala pabedi kuti fumbi lisagwerepo. Buluu wake anasakaniza yekha kuchokera ku zotsalira za m'zitini za makasitomala, ndipo sanalembe paliponse kuti anathira chiyani. Ankapopera chitseko chimodzi, n'kukhala pandowa kutsokomola, n'kudzukanso. Atamaliza anandiitana kuchokera pamakina osokera kuti ndidzaone. Ndinamuuza kuti wandiwonongera nsalu.

Atamwalira, galimoto inangokhala pabwalo chifukwa ine sindiyendetsa. Ndiye kunabwera mchimwene wanga wamng'ono, amene anthu amamutcha Dayilekitala. Dzinalo linachokera pa timakadi timene anasindikizitsa, ta kampani imene ofesi yake ndi foni ya m'thumba mwake. Anati akufuna kubwereka galimotoyo azinyamulira akwati ndi alendo olemekezeka. Anati galimoto yongoima imafa, ndipo dzuwa likudya ntchito ya alamu ake ine ndikungoyang'ana. Koma kunja kuno kwabwera pulasitiki yoteteza penti. Anandionetsa kapulasitiki ka pagalasi la foni yake n'kunena kuti ndi ngati kameneko. Ine ndinaona kanthu koonekera mkati, ndinamupatsa makiyi, ndipo iye analumbira kuti tsiku limene ndidzaifune adzaibweza mmene anaitengera.

Inabwera yakuda bii, yonyezimira moti ndinadziona nkhope yonse pachitseko, ndili kukamwa yasa.

"Akwati safuna buluu, achemwali. Buluu ndi wa galimoto yogulitsa madzi."

Pofuna kundiziziritsa mtima anandiuza kuti womata pulasitikiyo anamufunsa ngati pentiyo ndi wakufakitale kapena wopoperanso, iye n'kuyankha kuti ndi wakufakitale, ndipo munthuyo sanatsutse. Kodi alamu akanafuna ulemu woposa pamenepo? Munthu wamaso pantchito yake kulephera kusiyanitsa! Mawu amenewo anandikhala bwino mumtima, ndipo palibe mwa ife anadzifunsa chifukwa chimene funsolo linafunsidwira.

Kuyambira pamenepo galimoto ya mwamuna wanga ndinkaiona ikudutsa mumsewu itavekedwa maliboni. Dayilekitala anagula jekete ndi magalasi akuda. Akandiona m'mbali mwa msewu ndi chikwama cha nsalu ankaimba hutala, osaima, poti anthu olemekezeka sasakanizidwa ndi katundu. Ine ndinkadzitonthoza kuti buluu ali pansi pomwepo, akupuma pamthunzi.

Mwana wanga wamkazi atapeza laisensi, anati akufuna galimoto ya bambo ake, ndipo akuifuna mmene bambo ake anaisiyira. Dayilekitala anazemba miyezi ingapo. Mawa kuli ukwati, mkuja kuli mlendo wochokera kunja. Ataona kuti sitikutopa, anasandutsa kubwezako chionetsero. Anaitana mkulu wake wa malemu, bambo wopuma pantchito amene sangaone anthu atasonkhana osawatsegulira msonkhano. Anaitananso anthu oyandikana nafe, n'kundandalika mipando yanga pabwalo langa. Womata uja sanamuitane, akuti kumatula ndi ntchito ya aliyense amene ali ndi foni yoonera mavidiyo.

Dayilekitala anayamba ndi mawu. Anathokoza onse amene anabwera, anakamba za sayansi yamakono ndi za kufunika kosamala chuma cha akufa. Kenako anavula jekete, analumikiza choumitsira tsitsi cha mkazi wake ku chingwe chochokera pawindo la kukhitchini, n'kuyamba kutenthetsa ngodya ya boneti. Anatola m'mphepete ndi chikhadabo, nakoka pang'onopang'ono.

Buluu anatuluka, kukula ngati chikhatho. Anali yemwe uja. Mwana wanga anandigwira mkono, anthu anawomba m'manja, ndipo Dayilekitala anawerama ngati wapenta ndi iye.

Atakokanso ndinamva kaphokoso kamene telala aliyense amakadziwa, ka nsalu imene yang'ambika pamalo osayenera. Pansi pa pulasitiki panaoneka chigamba chotuwa. Buluu anali atamamatira kunsi kwa pulasitikiyo, atasweka tizidutswa ngati chigoba cha dzira.

Dayilekitala anati ndi malo amodzi okha, mwina alamu anafulumira pamenepo. Anawonjezera moto, nakoka cha kumanzere. Penti anatsatira. Anayesa chitseko, nako chimodzimodzi, mpaka fila amene mwamuna wanga anatsekera zibowo za dzimbiri anaonekera. Anaimbira womata uja, ndipo pofuna kuti tonse timve mmene amalankhulira ndi antchito, anakweza mawu a foniyo. Munthuyo anamvetsera, kenako anati penti wopopera pabwalo sagwira ngati wakufakitale, guluu amamuzula, ndipo n'chifukwa chake amafunsa asanamate. Dayilekitala anafunsa ngati pali njira ina yomatulira. Anamuyankha kuti njira ndi yomweyo, zotsatira ndi zomwezo, ndipo anadula.

Choumitsira tsitsi chinkalirabe pansi. Mayi wina anawerama n'kuchizimitsa.

Mchimwene wanga sakhala nthawi yaitali wopanda maganizo. Anati adziwa munthu amene ali ndi makina oyezera mtundu, angathe kupanga buluu yemweyu, mwinanso woposa. Mwana wanga anawayang'ana amalume akewo osaphethira.

"Matulani yonse. Matulani, anthu aone zimene mwachita."

Dayilekitala anagwiradi pulasitikiyo, poti lamulo lomveka bwino anali asanalilandire tsiku lonse.

"Siya," ndinatero.

"Amayi, ndiye tizikhala ndi chinthu chakuda chimenechi?"

"Padenga ponse buluu akadalipo. Mbali inayo akadalipo. Akamatula sipatsala kanthu."

"Koma sitidzamuonanso."

Ndinati ndikudziwa. Mwana wanga analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akukhoma chitseko cha kuchipinda kwake.

Dayilekitala anayesa kubwezeretsa chidutswa cha paboneti, akusisita ndi chigongono, koma guluu anali atadzaza penti, chinangolendewera. Ndinakatenga sizasi yanga n'kuchidula, pamodzi ndi cha pachitseko. Galimoto inatsala yakuda, yonyezimira, ili ndi mabala awiri otuwa, ndi kachigamba ka buluu pangodya.

Mkulu wa malemu anaimirira, anakonza kolala, nati popeza anaitanidwa kudzachitira umboni, nkhani iyenera kutsekedwa mwadongosolo. Anafunsa ngati galimoto imene inabwerekedwa ndi yomwe ili pabwaloyi. Anthu anavomera chapansipansi. Anafunsa ngati injini ikulira. Dayilekitala anayankha msanga kuti ikulira kuposa kale, anathiramo oyilo wapamwamba, ndipo maliboni amene ali kumbuyo tingathe kuwasunga, sawafunanso.

Anatulutsa makiyi m'thumba, nachotsapo kachikopa kolembedwa dzina la kampani yake, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mlamu, mwalandira?" anafunsa mkulu wa malemu.

"Ndalandira."

"Palibe chotsala pakati pa inu ndi achimwene anuwa?"

Dayilekitala anali atavala kale jekete, akuyang'ana kugeti.

"Palibe," ndinatero, ndipo anthu anayamba kunyamula mipando kulowetsa m'nyumba.